Mpando umodzi, matikiti awili

Mwana wa mlongo wanga, amene agwila nchito ya unesi ku Bristol ku England, ananitumila cithunzi pa WhatsApp sabata yatha. Pansi pake analemba kuti: "Amalume, onani vamene nacita. Sitima imodzi, mpando umodzi, koma matikiti yabili. Ndalama yasala nagulila relish." N'naŵelenga uthengawo nili wopanikizika pa mpando wakumbuyo m'basi ya ku Chelston, ndipo poyamba n'naganiza kuti mwanayu wayamba ukatangale m'dziko la eni.

Koma iyai, si kuba. Zimene anacita n'zololeka, ndipo anthu ambili kumeneko amazicita. Anali kucoka ku London kubwelela ku Bristol. M'malo mogula tikiti imodzi ya ulendo wonse, app ya pa foni inam'gulila ziwili: yoyamba ya London mpaka Didcot Parkway, yaciwili ya Didcot Parkway mpaka Bristol. Sitima itaima pa Didcot, iye sanatsike, ngakhale kunyamuka pa mpando. Tikiti yoyamba inathela pamenepo, yaciwili inayamba kugwila nchito, ndipo ziwilizo pamodzi zinachipa kuposa imodzi ija.

Lamulo lalikulu ndi lakuti sitima imene mwakwela iime pa siteshoni pamene matikiti anu akumanila. Mukakwela ina yongodutsa osaima, woyang'ana matikiti angakulipilitseni ngati munthu amene sanagule tikiti yoyenela. Ma app monga Trainline, TrainSplit ndi TrainPal ndiwo amafufuza poti n'kudula. Ena a iwo amatengako kagawo pa ndalama imene akupulumutsilani, cifukwa nawonso afuna kudya.

Mungafunse kuti zitheka bwanji kuti zidutswa zichipe kuposa cathunthu. Pa msika wa Soweto, thumba lonse la makala limachipa kuposa kugula tumapulasitiki. Ku sitima za ku Britain nkhani inasokonekela kale. Boma linapanga lamulo mu 1993 logaŵa kampani ya boma ya British Rail kwa makampani ambili, ndipo aliyense anayamba kuika mitengo pa njila zake. Eni ake a njanji kumeneko anavomelapo kuti mitengo ya matikiti imene ili m'makompyuta awo ifika pa 55 miliyoni. Palinso nkhani ya nthawi: mukanyamuka pa ola limene anthu athamangila ku nchito, tikiti yonse imakhala yodula, ngakhale kuti theka la ulendo mudzaliyenda nthawi yothithikana itapita. Mukadula paŵili, cigawo coyamba cokha ndico cimadula. Ndiponso matikiti ochipa ogulilatu amakhala oŵelengeka. Angathe pa ulendo wautali koma n'kutsalako pa zigawo zake.

Mwanayu n'namuyamikila, cifukwa ndalama ya ku UK nayonso sagwa nayo mumtengo. Koma maganizo anga ndi akuti app imeneyi si cinthu conyadila. Ndi umboni wakuti mitengo inawonongeka. Ganizilani anthu awili okhala pa mpando umodzi, ocokela kumodzi, opita kumodzi. Wina walipila zocepa cifukwa ali ndi foni yabwino ndipo adziŵa poti n'kudina. Wina, mwina nkhalamba imene inaima pa windo n'kupempha tikiti mwaulemu, walipila zambili. Sanalakwe ciliconse. Walipila cifukwa ca kusadziŵa cabe.

Ise a mu Lusaka sitikwela sitima popita ku nchito. Zambia Railways ndi TAZARA n'za maulendo atali, a ku Livingstone, ku Kitwe kapena ku Nakonde. Koma kudula ulendo tikudziŵa bwino kwambili, kungoti kuno wodula si wokwela. Wodula ndi dalaiva, ndipo amene amalila ndife.

Imani pa siteshoni ca m'ma 17 koloko mvula ili pafupi. Basi imene masana onse inali kufuula dzina la komboni yanu, manje yasintha nyimbo. Kondakita atulutsa mutu pa windo: "Bafupi-fupi cabe! Ba kutali musakwele!" Mukwela ndithu cifukwa kwayamba kuda. Pakati pa njila amenya citseko: "Bonse selukani, yasila apa." Basi itembenuka kukatenga ena, inu mutsala m'mbali mwa msewu kuyembekeza ina, ndipo mulipilanso kaciŵili. Tinene mwacitsanzo kuti ulendo wonse ndi K15, koma cigawo ciliconse akulipilitsani K10. Mwafika kunyumba ndi K20, ndipo K5 yapita. Muiŵelengele masiku 22 a nchito pa mwezi, ndi K110, madzulo okhaokha. Kwa mlonda, kwa mayi wogwila nchito ya m'nyumba ku Kabulonga, kwa wophunzila wa pa koleji, imeneyo ndi ndalama ya ndiwo ya masiku angapo.

Masana nkhani imatembenuka. Ca m'ma 11 koloko mabasi ali mbee, ndipo kondakita ndiye akunyengelelani: "Muli na zingati, bamudala? Kwelani." Wodziŵa kukamba amalipila zocepa. Mlendo wocokela ku Petauke, amene wafika dzulo pa Intercity, amapeleka zonse zimene auzidwa, mwina ndi zoonjezela, ndipo chenji amaiyembekeza mpaka kuiŵala. Apa tafanana ndi a ku Britain aja. Mtengo weniweni ulipo, koma ndi wobisika, ndipo amaupeza ndi wocenjela yekha.

Sindifuna kunamizila madalaiva kuti onse ndi akuba. Dalaiva amadzuka 04 koloko ali kale ndi nkhongole. Mwini basi ayembekeza kashing'i yake madzulo, kaya kunali jamu kaya kunalibe. Mafuta ndi ake. Ngwangwazi pa siteshoni afuna yake. Mu 2022, bungwe la ERB linayamba kuunika mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi, pamene mtengo wa basi susintha mwamsanga conco. Ndiye akaona Great East Road yatsekeka kucokela pa Manda Hill, amaŵelengela kuti maulendo atatu afupi amupatsa zambili kuposa umodzi wautali. Masamu ake ndi oona. Vuto n'lakuti amene amalipila masamuwo ndi munthu wosauka kuposa iye, amene anapita kukakhala kutali ndi tauni cifukwa lendi ndiyo yochipa kumeneko.

Acinyamata ena anganene kuti, "Tipange app yathu, yoonetsa mitengo ya mabasi ndi poti n'kutsikila." Sindikana, pangani. Koma tisaiŵale kuti ambili okwela minibasi ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo amene ali ndi foni yaikulu nthawi zambili alibe bando. Ngati cilungamo cifuna bando, ndiye kuti cafika kwa ocepa. Ku Britain ma app aja athandiza anthu ambili, koma sanakonze mitengo. Angoonetsa pamene pali ming'alu, n'kumadyelapo. Ngakhale boma la kumeneko linaona kuti zinthu sizili bwino: mu 2024 linapanga lamulo lobweza makampani a sitima m'manja mwa boma, ndipo nkhani yofewetsa mitengo ya matikiti ikali pakamwa pawo.

Zimene tifunika kuno n'zosavuta, ndipo sizifuna intaneti. Coyamba, RTSA ikalengeza mitengo yatsopano itagwilizana ndi eni mabasi, pepala la mitengoyo limatidwe m'basi iliyonse, pamalo poonekela, lokhala ndi masiteshoni onse a pa njilayo, osati poyambila ndi pothela pokha. Cikwangwani cina cikhale pa Kulima Tower, pa Millennium, pa City Market ndi pa Lumumba. Kulengeza pa wailesi kuti mtengo wakwela ndi ndalama zakuti sikukwanila, cifukwa mkangano wa m'basi umakhala pa zigawo zapakati.

Caciŵili, basi imene yanyamula anthu pa njila yake ifike kumapeto kwa njilayo. Ngati yalephela pa cifukwa comveka, monga kuwonongeka, wokwela abwezeledwe ndalama ya cigawo cotsala. Ku Britain kuja, ngakhale munthu wa matikiti awili amaŵelengedwa kuti ali pa ulendo umodzi: sitima yoyamba ikacedwa n'kumuphonyetsa yaciŵili, amaloledwa kukwela yotsatila. Ife tikatsitsidwa pakati pa njila timangouzidwa kuti "mupeze ina".

Cacitatu ndi cathu ife okwela. Timakonda kukhala cete pamene mnzathu akukangana ndi kondakita, maso pa foni ngati sitikumva. Mukaona gogo kapena mlendo akuuzidwa mtengo wabodza, kambani: "Iyai ba kondakita, apa ni zakuti." Mawu a anthu atatu amabweza chenji mwamsanga kuposa a munthu mmodzi. Ndipo kondakita akafuula "bafupi-fupi", funsani musanakwele kuti ithela pati ndiponso ndi zingati, kuti mudziŵiletu ngati ndalama ya basi yaciŵili muli nayo.

Mwana wa mlongo wanga n'namuyankha kuti apitilize kudula matikiti ake, asatayile ndalama m'madzi. N'namuuzanso kuti akaona wokalamba pa siteshoni akuvutika ndi makina a matikiti, amuonetseko mocitila. Uthengawo n'nautumiza nili m'mbali mwa msewu pafupi ndi Munali, pamodzi ndi anthu ena khumi ndi aŵili, tikuyembekeza basi yaciŵili.