Kapulana ya pa 7 Abril: yatha kapena aibisa?

Mwezi wa Marichi ukamatha, mumamva mau awa pa msika wa Chidzolomondo kapena ku Furancungo: "Amayi, gulani lero, zatsala ziwiri zokha!" Akunena kapulana ya pa 7 Abril, tsiku la amayi a m'dziko lathu. Ndi tsiku limene Josina Machel anamwalira mu 1971. Caka ciliconse kumabwera nsalu yatsopano, ndipo amayi a gulu limodzi amafuna kuvala yofanana.

Taganizani. Nsaluyo siikhala yolimba kuposa inzake ya maluwa imene ili pambali pake. Ulusi ndi womwewo. Zambiri zimacokera kunja, ku India ndi ku China. Cimene mukulipira pamwamba ndi tsiku lolembedwa pansaluyo, ndi mantha oti anzanu onse avala inu mwatsala.

Kucepa kwa cinthu kuli mitundu iwiri. Mbatatesi ya ku Tsangano ikacepa cifukwa mvula yavuta, palibe anakonza zimenezo. Koma nsalu, mwini fakitale ndiye amasankha kuti asindikiza zingati. Wogulitsa nayenso angathe kuyala ziwiri zokha, mtolo wonse uli kuseri. Inu simungawerenge zimene simukuziona. Ndiye pa 8 Abril pitaninso mukafunse mtengo. Nthawi zambiri yemwe uja amene amalumbira kuti zatha amakhala akukunyengererani.

Sindikunena kuti nsalu zotere n'zacabe, ayi. Papa Francisco atabwera ku Maputo mu Setembro 2019, anthu anagula makapulana a nkhope yake. Iye anamwalira mu Abril 2025, ndipo ulendo ngati umenewo sudzacitikanso. Ambiri anavala nsaluzo, kuberekera ana, mpaka zinang'ambika. Amene anapinda yake n'kuika m'sutikesi ali ndi cinthu cimene cikucepadi caka ndi caka. Anthu osonkhanitsa zinthu zakale amafuna zotere, zosacapidwa, zosasuluka. Komatu ogula otere kuno kwathu sapezeka wamba, conco musawerengere kuti mudzagulira feteleza.

M'kalasi mwathu muli mayi wina amene amasunga kapulana ya caka ciliconse. Ndinawafunsa ngati angagulitse. Anaseka, nati iliyonse imawakumbutsa amene anavina nawo caka cimeneco, ena anapita kale. Tsopano popeza akudziwa kuwerenga, anaziyala zonse pa mphasa n'kuzisanja motsatira zaka zolembedwa pansaluzo. Anapeza kuti ziwiri zimene anagula modula zilibe caka n'komwe.