Ana a ku Chunga si aulesi

Akonzi,

Amene analemba kuti ana a m'makomboni amalephera masamu ndi sayansi chifukwa cha ulesi, adzayende kuno ku Chunga. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022, makalasi adzaza thothotho. Mphunzitsi amajambula maikulosikopu pabolodi ndi choko, ana n'kumakopera m'makope. Ulesi wake ndi umenewo?

Ndalama zilipo. Chaka chomwecho thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera lililonse la phungu. Madesiki tawaona, zikomo. Koma mankhwala a mulabotale amatha msanga, ndipo a bungwe lothandiza la JICA sadzatisulira aphunzitsi mpaka kalekale.

Komiti ya CDF ya dera lathu la Matero izipatula ndalama za sayansi chaka chilichonse. Makolo anzanga, tikafunse zimenezi kumisonkhano ya wadi.

Ine kholo,
Chunga, Lusaka