Oweruza mtsutso azisankhidwa pa maere

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za mipikisano ya mtsutso m'masukulu a pulayimale kuno kwathu. Chizolowezi choti sukulu izisankha woweruza wakumtima kwake chikupha mpikisano, pakuti woweruza wotere amafika atagamula kale.

Ndinaonapo ana akutsutsana ngati kudula mitengo ndiko kumaphwetsa nyanja ya Chilwa. Mtsikana wina wa ku Kachulu anakumbutsa kuti nyanjayi inaphwa mu 1968 mitengo ikadali yambiri, isanadzaphwenso mu 1995. Anagonja ndithu. Woweruza anali mlamu wa mphunzitsi wa mbali inayo!

Ndikupempha a PEA kuti azilemba mayina a abusa, mashehe ndi aphunzitsi opuma, n'kuchita maere ana akuona. Sukulu iziloledwa kukana dzina limodzi lokha basi.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Jali, Zomba.