Njinga nayo ipatsidwe malo ake m'nyumba

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko kudzera pa tsamba lathu lino za nkhani imene ena angaiyese yaing'ono, chonsecho ikutisowetsa tulo ife a kuno ku Kasiya ndi anzathu a ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma. Nkhani yake ndi ya pogona pa njinga yakapalasa.

Kuno kwathu njinga ndiyo galimoto. Ndiyo imapita kuchigayo, ndiyo imakatenga feteleza, ndiyonso imanyamula wodwala kupita naye kuchipatala cha Kabudula kapena cha St Gabriel ku Namitete. Ngakhale msewu wa Lilongwe–Kasiya–Santhe anauthira tala, tinjira tochoka m'midzi mwathu kukafika pamsewupo n'tanjinga basi. Ikabedwa, kupeza ina si masewera, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. N'chifukwa chake palibe munthu amene angaisiye pakhonde usiku. Imagona m'nyumba, ndipo ine sindikutsutsa zimenezo.

Chimene chikundidandaulitsa n'chakuti nyumba zathu timamanga osaiwerengera njingayo. Nyumba zambiri ndi chipinda chimodzi kapena ziwiri, ndi pabalaza. Kale pabalazapo pankakhala mpata, chifukwa chimanga chinkasungidwa m'nkhokwe panja ndipo anyamata akasinkhuka ankakagona kugowelo. Lero nkhokwe zikutha m'midzi kaamba ka akuba ndi anankafumbwe. Chimanga timatonola, kuthira mankhwala, n'kusanja matumba a makilogalamu 50 m'nyumba momwemo. Mtedza ndi soya momwemo. Fodya wodikira ulendo wa ku okushoni ku Kanengo momwemonso. Ndiye kukada bambo akulowetsa njinga, chinthu chotalika pafupifupi mamita awiri, mahandulo ake atatambasuka ngati nyanga za ng'ombe. Ana ayale pati mphasa?

Olangika ndi anawo. Amagona chopindika pakati pa matumba ndi matayala, mutu uli pafupi ndi tcheni. Choipitsitsa n'chakuti neti yoteteza ku udzudzu imasowa pomangirira bwino. Ukati uikunge, pedulo laikola n'kuiboola. Mawa lake amayi atopa nazo, aipinda n'kuiponya m'thumba. Alangizi a zaumoyo amabwera kudzatikumbutsa kuti tizigona m'neti usiku uliwonse, ife n'kuvomera ndi mutu, koma palibe amene amafunsa ngati pabalazapo pali malo oimangirira. Malungo akamugwira mwana, njinga yomwe ija ndiyo imamutengera kuchipatala.

Pali chizolowezi china chimene ndikufuna tichisiye, chotsamiritsa njinga kuchitseko kuti akuba akamakankha tiimve ikugwa. Nzeru yake ikumveka, koma taganizani nyumba yofolera udzu, ya khomo limodzi, moto utabuka pakati pa usiku. Mumdima ndi utsi, ana akulira, muyambe mwalimbana ndi mahandulo ndi masipoko musanafike pa mpiringidzo? Nanga mayi woyembekezera matenda akamuyamba usiku? Khomo lizikhala lopanda chotchinga.

Apa ndiwatchulekonso ana athu a kabaza amene agula njinga zamoto. Nazonso zikugona pabalaza, thanki ili ndi petulo, ndipo pamene mafuta anasowa m'chaka cha 2024 ena anazolowera kusunga zigubu za petulo m'nyumba. M'nyumba yomweyo muli koloboyi, muli kandulo, mwezi wa Juni muli mbaula yoothera. Njinga yamoto yokha ndiye isagone ndi anthu. Imangiridwe kachipinda kake, ka khomo lakelake.

Tsono yakapalasayi tiitani poti nyumba ndi zomwezi? Tiiimike chilili. Njinga ikaima ndi tayala lakumbuyo, lakutsogolo litakoledwa m'mwamba, imangodya kangodya ka nyumba m'malo motenga khoma lonse. Chofunika ndi mbedza yachitsulo, imene owotcherera pa Kasiya kapena pa Nsaru angakupindireni ndi kachidutswa ka chitsulo chomangira. Mbedzayo muikulunge ndi chubu chakutha kuti isakande limu. Koma chenjerani, msomali wokhomera pakhoma la zidina sungapirire. Njinga zathuzi, kaya ndi Humber yakale ija kaya ndi Buffalo imene keliyala yake anaipangira katundu wa makilogalamu 100, n'zolemera ndithu, ndipo tsiku lina idzazuka ndi dothi lomwe n'kugwera mwana. Kuli bwino kuzika mtengo wolimba wa bulugamu pangodya, kuuthira oilo wakutha kunsi kuti chiswe chisadye, n'kumangirira mbedzayo pamenepo. Pa mtengo womwewo mukhoza kukolekapo tcheni ndi loko.

Ena anena kuti agogo kapena mwana wasukulu sangathe kuinyamula. Sikuti mukuinyamula yonse ayi. Mumagwira buleki yakumbuyo, kukokera mahandulo kwa inu, njinga imadzuka yokha tayala lakumbuyo lili pansi. Kumene kuli okalamba okhaokha, adzukulu alipo; imeneyo ikhale ntchito yawo ya madzulo monga kutsekera mbuzi.

Ndaonanso ena akuithawitsira kukhitchini kapena m'chigafa. Kukhitchini kutentha kumaumitsa mphira, ndipo zitseko za makhitchini athu n'zongodzikhululukira. Ena amaitsamiritsa pa matumba a feteleza osadziwa kuti feteleza akakoka chinyontho amadya chitsulo. Pofika Malichi masipoko ndi tcheni zachita dzimbiri. Pafupi ndi fodya napo ayi, chifukwa girizi ndi oilo zikakhudza tsamba mwaononga nokha thukuta lanu la chaka chonse.

Komabe zonsezi n'zongopepesera. Mankhwala enieni ali pa nthawi yomanga. Chilimwe chilichonse, fodya ndi soya zikagulitsidwa, anthu amaumba njerwa. Pojambula maziko pansi timawerenga chipinda cha makolo, cha ana aakazi, cha ana aamuna, koma njinga ndi matumba a chimanga sitiziwerenga, ngati kuti tidzazisiya kwa aneba. Kachipinda kopapatiza, mita imodzi m'lifupi ndi mamita awiri m'litali, kolowera m'kati mwa nyumba, n'kokwanira njinga, pampu, makasu ndi sipuleya. Njerwa zake sizingafanane ndi mtengo wa njinga yatsopano. Amisiri omanga nyumba, inu ndinu mumaona nyumba zambiri kuposa ife. Muziwakumbutsa eni nyumba chingwe chisanakungidwe, ndipo chitsulo chokolekapo njinga muzichiika m'khoma pomanga pomwepo.

Mawu anga ena apite kwa abusa, ansembe ndi akulu a mipingo, poti ndikudziwa kuti tsamba lino mumaliwerenga. Mipingo ndi mabungwe amapereka njinga kwa akatekisti, alaliki ndi anthu odzipereka oyendera odwala, ndipo midzi ina inalandira njinga za ambulansi zokoka kangolo kogonekapo wodwala. Pa tsiku lolandira timavina, timajambulitsa, koma funso lakuti chinthuchi chizikagona kuti silifunsidwa. Kangolo ka ambulansi sikangalowe pakhomo la nyumba wamba. Mapeto ake kamakhala kuseri kwa nyumba ya amfumu, dzuwa ndi mvula zikukamenya, matayala n'kuphwa, matiresi n'kudyedwa ndi makoswe, ndipo tsiku limene kakufunika kamapezeka kali kofa. Mphakati umodzi kapena amayi a chigwirizano ndi achinyamata atagwirizana, angaumbe njerwa za kanyumba kotere sabata imodzi. Kiyi asunge munthu wodziwika amene amagona pafupi, osati wa kutsidya kwa dambo.

Ndipemphenso kuti mukamayendera mabanja, kapena polangiza achinyamata amene akukonzekera ukwati ndi kumanga nyumba yawo yoyamba, nkhani ya kagonedwe ka ana muziikhudzako. Anthu amamvera mawu a kutchalitchi kuposa a munthu wamba ngati ine. Ndipo mlembi wa mpingo asunge kope lolembamo nambala ya felemu ya njinga iliyonse ya mpingo, ngakhalenso za akhristu amene angafune. Nambalayi imadindidwa pachitsulo, kawirikawiri kunsi kumene kumazungulira mapedulo kapena pansi pa chishalo, ndipo ikabedwa ndi imene apolisi ndi a chitetezo cha m'mudzi angaizindikire nayo ngakhale wakubayo ataipaka penti ina.

Mafumu athu a kwa Khongoni ndi kwa Kabudula, nkhaniyi muitchuleko pa misonkhano yanu anthu asanayambe kuumba njerwa chaka chino.

Wokhudzidwa,
Kasiya, Lilongwe.