Tisamakhulupirire zithunzi zokonzedwa pa foni

Akonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa mchitidwe umene wafala kuno kunyanja, kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Chipoka, wokonza zithunzi zachimbuuzi ndi mapulogalamu a pa foni monga Remini. Anthu akusangalala kuona chithunzi chakale cha agogo chitawala ngati chajambulidwa dzulo. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chithunzi chimatuluka chachimbuuzi dzanja la wojambula likanjenjemera, kapena wojambulidwayo akasuntha kamera isanatseke diso lake. Amene anayesapo kujambula ali m'bwato nthawi ya mwera akudziwa zimene ndikunena. Nkhope imapakika ngati inki imene mwaikhudza ndi chala isanaume.

Mapulogalamu ena, monga amene kampani ya Adobe inaika mu Photoshop m'chaka cha 2013, ankawerengetsera mmene kamera inagwedezekera n'kuyesa kubwezeretsa chithunzicho m'chimake. Ambiri a masiku ano satero ayi. Iwo anaonetsedwa nkhope zankhaninkhani za anthu ena, ndiye akafika pamene pafufutika amangopeka maso, mphuno ndi mano. Ife aphunzitsi timamudziwa mwana wotere. Sanawerenge, koma pepala amalidzaza ndi mayankho a m'mutu mwake, zilembo zili mbee.

Izi si nkhambakamwa. M'chaka cha 2020 munthu wina anaika chithunzi chosaoneka bwino cha a Barack Obama mu pulogalamu yotchedwa PULSE, ndipo inatulutsa nkhope ya mzungu. Nanga ngati inalephera pa munthu wodziwika dziko lonse lapansi, kuli bwanji gogo wa ku Lifuwu? M'chaka cha 2024 woweruza milandu m'chigawo cha Washington ku America anakana kulandira ngati umboni kanema amene anakonzedwa mwa njira yotereyi pa mlandu wa kupha anthu.

Nkhawa zanga ndi ziwiri. Yoyamba ndi ya maliro. Abale akatenga chithunzi chokonzedwa n'kuchiika pa bokosi kapena pa chiliza, zidzukulu zidzakula zikulira nkhope ya mlendo. Mphini za kumaso ndi makwinya a gogo wathu, pulogalamu ikhoza kuziona ngati litsiro n'kuzisalaza.

Yachiwiri ndi yoopsa kwambiri. Kuno maukonde ndi injini za maboti zimabedwa usiku. Wina akajambula wakuba akuthawa mu mdima, n'kukonza chithunzicho, kenako n'kuchimwaza pa WhatsApp, nkhope yopekayo ingathe kufanana ndi mwana wa munthu wosalakwa. Tonse tikudziwa mmene anthu olusa amachitira ndi woganiziridwa kuba apolisi asanafike.

Choncho ndikupempha achinyamata amene amakonzera anzawo zithunzi kuti azinena poyera kuti nkhopeyo yapekedwa ndi makina, ndipo asamafufute chithunzi choyambacho. Apolisi ndi mafumu, munthu akabwera ndi chithunzi ngati umboni, yambani mwamufunsa kuti chenichenicho chili kuti. Ndipo ife amene makolo athu adakali moyo, tiwakhazike pa mpando masana, dzanja lisagwedezeke, tiwajambule bwinobwino nthawi idakalipo.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Senga Bay, Salima.