Mukapita ku Dar, musamangothera mu Kariakoo

Abale anga, lero ndili nanu chifukwa inu amene mumapita ku Dar es Salaam kukaoda katundu. Mumaoloka pa Songwe, kudutsa Mbeya, kugona m'basi, mukafika ndiye kulowa mu Kariakoo, kugula zitenje, nsapato ndi mafoni, basi ulendo wobwerera. Tikakufunsani kuno kumudzi kuti mwaonako zotani, yankho lake: "Kukutentha heve." Zoona? Mzinda wa anthu oposa 5 miliyoni, inu nkungobwerako ndi thukuta?

Ena mukuti kuyendayenda mumzinda ndi za azungu ndi mabwana, ife timapitira geni. Ine ndikukana. Geni imafunanso maso. Ine mlimi wamba ndinapatula tsiku limodzi lokha, ndipo tamvani zimene zimakuphonyani.

Lawirirani ku Kivukoni, pamsika wa nsomba m'mbali mwa nyanja. Asodzi akangokocheza, nsomba zimagulitsidwa pa okishoni, ogula akupikisana mtengo poyera, aliyense akumva. Ife kuno venda amabwera yekha ndi sikelo yake, mtengo nkutchula yekha, ife nkumathokoza. Pomwepo kwerani pantoni yowolokera ku Kigamboni. Ndi mphindi zochepa chabe, koma muli pamadzipo mumaona sitima zikuluzikulu zodzaza makontena zikulowa padoko. Magalimoto ambiri amene timagula ku Japan amatsikira pamenepo. Ukaona zimenezi umadzifunsa kuti kodi ife tikukwezamo chiyani m'sitimazi.

Kenako pitani ku Tandale, msika wa chimanga, nyemba ndi mpunga wogulitsa mwachipiku. Mpunga wa ku Kyela anthu amachita kuufunsa ndi dzina, ndipo amalipira bwino. Kyela ali tsidya lina la Songwe, moyandikana ndi Karonga komwe kumachokera Kilombero wathu. Iwo mbewu yawo ili ndi dzina mpaka kudoko. Nanga mtedza wathu, nandolo wathu, amatchulidwa dzina la mudzi uti? Timagulitsa pachigoba pakhomo, ena nkukadyerapo.

Ngakhale Kariakoo amene mumamukondayo simumudziwa. Dzinalo linachokera ku Carrier Corps, gulu la amtengatenga a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pakati pa tauni pali chipilala cha Askari cha 1927, chokumbukira asilikali ndi amtengatenga a chikuda a nkhondo imeneyo. Makolo athu a ku Nyasaland ambiri anasenza nawo katundu pankhondoyo, ena osabwerako. Mdzukulu wawo nkufika mumzindamo, kusenza belo pamutu, osakaimako ngakhale mphindi zisanu. Sizikupwetekani?

Musandiuze za transipoti. Mabasi a mwendokasi, amene anayamba mu 2016, ali ndi msewu wawowawo ndipo amafika pa Kivukoni penipeni. Ndalama yake siifika imene mumawonongera soda ndi chipisi podikira basi yobwerera.

Sindikuti musiye kuoda, ana akudya momwemo. Koma ulendo ukubwerawu onjezani tsiku limodzi. Kafunseni mtengo wa thumba la nyemba ku Tandale, mulembe, mudzatiuze pa msonkhano wa kalabu tisanagulitse zokolola. Chitenje chimatha, koma mudzi ukadziwa mtengo weniweni wa mbewu yake, venda amabwera mwaulemu.

Amene munafikako ku Tandale, tatiuzeni m'munsimu, nyemba zinali pa bwanji?