Kulitsani zilembo, akuluakulu adziwerengere okha imelo

Makalata ambiri a ntchito safikanso mu envelopu kuno ku Utale, m'boma la Balaka. Mphunzitsi wamkulu, mlangizi wa zaumoyo, ngakhale katekisiti wa pa mishoni imene ansembe a Montfort anatsegula mu 1908, onse amangouzidwa kuti aone pa imelo. Ambiri mwa iwo anapitirira zaka 40, msinkhu umene maso amayamba kukana zilembo zazing'ono. Mumawaona atatambasula mkono, foni ili uko, nkhope atakwinya, chala chikutsata mzere.

Chimene chimandiwawa n'chakuti akatopa amapereka foni kwa mdzukulu, kapena kwa mnyamata wa potchajira mafoni, kuti awawerengere. Kalatayo mwina ndi ya malipiro, mwina ndi ya mlandu wa mphunzitsi mnzawo. Pofika mawa nkhaniyo ili pa mjigo. Munthu amene waphunzitsa ana a mudzi wonse kuwerenga asamachite kuwerengeredwa kalata yake, pamene vutolo limatha m'mphindi ziwiri.

Pa foni ya Android, Gmail imatsata kukula kwa zilembo za foni yonse. Lowani pa Settings, kenako Display, mupeze Font size, mukokere kadontho kumanja mpaka maso amasuke. Pa kompyuta ya ku ofesi, gwirani Ctrl n'kudina chizindikiro cha +, tsamba lonse likula.

Chinanso chimene chimasokoneza akuluakulu ndi Conversation view. Gmail imaunjika mayankho onse a nkhani imodzi pamalo amodzi, ngati matumba a chimanga m'nyumba, moti kalata yatsopano imabisala pansi pa zakale. Munthu amakanitsitsa kuti sanalandire uthenga wa msonkhano, chonsecho unafika kalekale. Achinyamata amaukonda mulu umenewu, ndipo sindikuwatsutsa, koma kwa amene anazolowera faelo ya mapepala, ndi bwino kuuchotsa pa General settings a mu Gmail kuti kalata iliyonse iziima payokha.

Za zithunzi nazo n'zofunika kwa ife ogula bandulo ya TNM kapena Airtel ndi ndalama yowerengera. Pa Images mu Settings a Gmail sankhani kuti pulogalamu izifunsa kaye isanatsegule zithunzi. Bandulo imakhalitsa, ndipo kalata imatseguka msanga pamene netiweki ikuvuta.

Mtundu wakuda uja, umene amati dark theme, ine sindiulimbikitsa masana. Dzuwa la kuno kuchigwa cha Shire likaswa mtengo mu Okutobala, zilembo zoyera pa galasi lakuda sizioneka munthu ali panja. Usiku m'nyumba ndiye umathandiza, suthobwa m'maso.

Mawu onsewa ali m'Chingerezi, n'chifukwa chake ambiri amaopa kukhudza, poganiza kuti aononga foni kapena afufuta makalata. Kusintha maonekedwe sikufufuta kalata ngakhale imodzi. Koma dziwani kuti zilembo zazikulu si mankhwala: ngati maso akuvutabe, akapimitse kuchipatala, mwina akufunika magalasi.

Inu achinyamata amene mumatsegulira makolo ndi aphunzitsi anu imelo, musamalekere pa password. Khalani nawo pansi, kulitsani zilembo iwo akuona, afunseni ngati akuwerenga bwino, ndipo asonyezeni podina kuti tsiku lina adzathe kusintha okha.